Ulendo wa ku Ruwa, kumene ana 62 anati anaona chinthu chitatera

Lachisanu, 13 September 2024, pachipata cha Nyamapanda, polowera ku Zimbabwe

Ndikulemba izi nditakhalira chikwama changa pamthunzi wa basi. Tinafika pano dzuwa lili paliwombo, pano lapendeka. Ziphaso anatidindira kalekale, chikutichedwetsa ndi katundu. Amayi a geni amene tili nawo anyamula zikwama zamizeremizere zija, zina kukula kwake ngati nkhokwe, ndipo chilichonse chiyenera kutsitsidwa, kumasulidwa, kuonedwa, n'kukwezedwanso. Palibe akudandaula. Akuti lero ndiye zikuyenda msanga.

Mayi amene ndakhala nawo mpando umodzi anandifunsa kuti ndikukagula chiyani ku Harare. Ndinati palibe. Kumaliro kodi? Ayi. Ndiye kuntchito? Manyazi anandigwira, ndinangoti ndikukaona sukulu ina ku Ruwa. Anagwedeza mutu mokhutira, poganiza kuti ndikufunira mwana malo, ine osawakonza.

Zoona zake ndi izi. Lachisanu pa 16 September 1994, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ana a pasukulu ya Ariel ku Ruwa anali panja pa nthawi yopuma, aphunzitsi ali m'kati pamsonkhano. Ana 62, a zaka zapakati pa 6 ndi 12, ananena kuti anaona chinthu chonyezimira ngati siliva chitatera patchire kuseri kwa bwalo lawo, ndipo pafupi nacho panali tianthu tovala zakuda, tamaso akuluakulu. Lolemba likubwerali zikwana zaka 30. Nkhaniyi ndakhala ndikuiwerenga usiku pafoni kwa zaka zambiri, mpaka ndinatopa ndi kuwerenga, ndati ndikaponde pamalopo. Tsono munthu wamkulu ngati ine ndingawauze bwanji mayi otopa ndi zikwama kuti ndawononga ndalama kulondola mbale youluka?

Usiku womwewo, Harare

Msewu wochoka ku Nyamapanda ndi wautali kuposa mmene umaonekera pamapu. Tinadutsa Kotwa kukadali kowala. Chilala cha chaka chino sichofuna kuuzidwa: mitsinje ndi mchenga wokhawokha, ng'ombe nthiti pamtunda. Chakufupi ndi Mutoko mapiri amiyala anayamba, miyala yosanjikizana ngati wina anachita kuiika ndi manja, ndipo tinapitirira malole awiri akukwawa, lililonse litasenza chimwala chimodzi chokha chakuda. Pa Mutoko amayi ogulitsa tomato anazinga basi, mabeseni m'mwamba. Ine ndinagula maputi, chimanga chokazinga chophulika chija, mapaketi awiri, n'kugawana ndi mayi aja. Pofika ku Murehwa kunali kutada, ndinagona.

Tatsikira pasiteji ya mabasi ya Roadport itadutsa 9 koloko. Ndivomere, mtima unagunda. Anyamata a matakisi anandiunjirira, aliyense akukoka chikwama, Chishona changa ndi cha moni basi. Amene anandipulumutsa ndi mayi omwe aja. Mwana wawo anabwera kudzawatenga pakagalimoto, iwo n'kumuuza kuti ayambe wanditula ine. Ndinayesa kupereka ya mafuta, anakana. Potsazikana anati, "Mwana akapeze malo, bambo." Bodza langa landiperekeza mpaka pakhomo.

Chipinda ndapeza kudera la Avenues, madola 20 usiku umodzi. Magetsi kulibe. Ndasamba madzi a m'ndowa, foni yatsala pang'ono kuzima.

Loweruka, 14 September, Harare

Tsiku la lero latha ndi nkhani ya chenje. Kuno zinthu amagula ndi madola a ku America, ngakhale boma linatulutsa ndalama yatsopano ya ZiG mu April. Madola ake ena ndi akuda bii, ofewa ngati kansalu, koma amayenda. Vuto limabwera ukagula chinthu cha masenti 50 ndi dola yathunthu. M'mawa anandibwezera timapepala ta ZiG, masana anandiuza kuti ndingotenga ziwiri. Panopa ndili ndi mabotolo awiri a madzi ndi maswiti amene sindinawafune.

Nkhomaliro ndadya pakalesitilanti kena kuseri kwa Robert Mugabe Road: sadza, nyama ya ng'ombe ndi masamba a covo, madola awiri. Mitengo ya jacaranda yayamba kumene kuchita maluwa, ina ikadali mbuu. Sindinapite kukaona chilichonse chimene alendo amapita kukaona. Ndinabwerera kuchipinda magetsi atayaka, ndinatchaja foni n'kuwerenganso zimene ndinasunga, chifukwa lero nalonso ndi tsiku lake.

Anthu ambiri akamakamba za Ruwa amayambira pa 16. Koma masiku awiri m'mbuyo mwake, Lachitatu pa 14 September 1994 usiku, chimoto chinadutsa kumwamba ndipo chinaoneka m'madera ambiri a kumwera kwa Africa kuno. Anthu anaimba mafoni ku wailesi ya ZBC, nkhani n'kukhala yomweyo m'dziko monse. Pambuyo pake zinadziwika kuti tsiku limenelo chidutswa cha roketi ya ku Russia ya mtundu wa Zenit-2, imene inakweza setilaiti ya Cosmos 2290, chinabwerera mumlengalenga wa dziko n'kupsa. Chitsulo chotere chikamagwa chimasweka, zidutswa n'kumayenda pamodzi pang'onopang'ono, chilichonse ndi mchira wake wamoto. Munthu amene sanaonepo angalumbire kuti ndi chombo chokhala ndi mawindo. Choncho pamene ana a ku Ariel ankatuluka kukasewera Lachisanu lija, akuluakulu kunyumba anali atatha masiku awiri akukamba za ma UFO, zinthu zouluka zosadziwika. Ena amati zimenezi zikutha nkhani yonse. Ine sindikuona kuti zikuitha, koma amene amazibisa pofotokoza amandikayikitsa.

Madzulo magetsi anazimanso, ndinakakhala panja ndi mlonda. Ndi mnyamata, chaka cha 1994 anali asanabadwe, koma nditangotchula Ruwa anaseka. Akuti agogo ake ankati zimene anawo anaona ndi zvikwambo, tizilombo ta anthu okhwima, ndipo panalibe chodabwitsa kupatula kuti tinaonekera masana. Zimenezi zikugwirizana ndi zomwe zinalembedwa nthawi imeneyo, kuti ena mwa anawo analira poganiza kuti ndi zvikwambo kapena tokoloshe, pamene anzawo amene anazolowera kanema anati ndi zolengedwa zochokera kumaiko ena akuthambo. Anaimirira pabwalo limodzi, kuyang'ana kumodzi, mayina awiri.

Iye mwini akuti chaka chatha anaona nyenyezi zambiri zikuyenda pamzere ngati nyerere, mpaka anagwada kupemphera. M'mawa mwake mnzake anamuonetsa pafoni kuti anali masetilaiti a Starlink. Anati, "Ndinakwiya, mukoma. Pemphero lonse lija." Ndiye poti Starlink yayamba kugulitsidwa kuno mwezi womwe uno, akuti akufuna adzaione intaneti imene inamugwaditsayo.

Tisanasiyane anandiuza kuti ku Ruwa kuli mkulu wina, wachibale wa mkazi wake, amene amalankhula chilankhulo changa ndipo chimoto chija anachiona ndi maso. Anamuimbira pompo. Mawa ndikupita.

Lamulungu, 15 September, Ruwa

Makombi a ku Ruwa amakwerera pa Fourth Street. Dola imodzi. Kondakitala, kuno amati hwindi, anandikankhira kumpando wakumbuyo, anthu anayi pamalo a atatu, chikwama pamiyendo. Lamulungu kombi imachedwa kudzadza, tinakhala pafupifupi ola tikuotcha. Kenako tinalowa msewu wa ku Mutare, kudutsa mafakitale a ku Msasa, mphambano ya ku Mabvuku, mpaka Ruwa, makilomita 20 ndi kanthu. M'mbali mwa msewu, pansi pa mitengo ndi pamiyala, magulu a mapositori ovala zoyera anali atakhala pansi akupemphera, amayi uku abambo uku. Mitengo ya msasa ili ndi masamba atsopano ofiirira, ngati yapsa, chonsecho ndi pamene ikuphuka.

M'mutu mwanga Ruwa anali tchire ndi mafamu, monga amaonekera pa zithunzi za 1994. Ndapeza tauni: nyumba zatsopano mbali zonse, zina zosafolera, mipanda ya njerwa, magalimoto ogulitsa madzi. Ndinakhumudwa pang'ono, ngati kuti anthu anayenera kusiya kumanga podikira ine.

Mdzukulu wa mkulu uja anadzanditenga pasiteji. Agogowo ndi a zaka za m'ma 70, aatali, akumva bwinobwino. Bambo awo anabwera kuno wapansi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, iwo anabadwira konkuno, ndipo Chinyanja chawo n'chakale, chosakanikira Chishona apa ndi apo. Nditawapatsa moni anagwira dzanja langa nthawi yaitali osalisiya. Anati masiku ano amachilankhula ndi akazi awo okha, ana onse anatembenuka.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Sanafulumire. Anayamba ndi mvula, mitengo ya ufa, bondo lawo. Kenako anafika pa usiku uja. Nthawi imeneyo anali mlonda pafamu ina chakonkuno. Anati cha m'ma 9 koloko agalu anayamba kuuwa, iwo potukula maso anaona moto ukuyenda kumwamba, wopanda phokoso, kutsogolo kowala kwambiri, m'mbuyo timoto tambiri tikulondola. Anaponya tochi pansi. Anafuna kuthawa koma anasowa kothawira, poti chinthucho chinali kumwamba konse.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikulemba kuti ndisadzaiwale. Mtima unali kuthamanga, foni ikujambula mawu. Ndinafunsa kuti, "Agogo, chinali chozungulira? Ngati mbale yovundikira?" Anakhala chete pang'ono, n'kuti, "Eee, ngati mbale, mwanangu." Ndinapitiriza: "Chinali ndi mawindo?" Anati, "Mawindo analipo ndithu." Ndinamva kukoma. Ndinaganiza kuti ndapeza mboni imene azungu onse aja anaiphonya.

Agogo aakazi anali chapafupi akusadzula masamba, ndipo ndinangomva kuseka. Anati, "Inu bambo ake, zaka 30 mwakhala mukutiuza kuti chinali chachitali ngati sitima yapamtunda. Lero chasanduka mbale?" Amuna awo sanakwiye. Anati, "Mlendoyu wachokera kutali. Akufuna mbale."

Ndinazimitsa foni. Nkhope inandiyaka. Munthu anasunga chimene anaona zaka 30 osachisintha, ine ndachipinda m'mphindi ziwiri, popanda kumuopseza kapena kumulipira. Ulemu wake wokha ndi umene unagwira ntchito. Ndinapepesa, n'kuwapempha kuti ayambirenso, ine nditseke pakamwa. Ulendo wachiwiriwu chinabwerera kukhala sitima: chachitali, chopanda mawindo, chosatera paliponse, chinangopita mpaka kuzimirira kuseri kwa mitengo. Ndikachiyerekeza ndi chitsulo cha roketi chikupsa, chikufanana kwambiri. Nditawauza za roketiyo anati, "Kaya. Ine ndinaona moto."

Za ana a kusukulu anazimva pambuyo pake kwa anthu, monga wina aliyense. Sanawonjezerepo kanthu, ndipo ine sindinayesenso kuwathandiza.

Anakana kuti ndibwerere ku Harare. Tadya sadza ndi masamba otendera ndi chiponde, kuno amati dovi, ndi kapenta pang'ono. Andiyalira pabalaza. Shuga ndi mafuta ophikira zimene ndinabweretsa anazilandira ndi manja awiri, koma ndalama anati ndisayerekeze.

Usiku, pabalaza

Tulo sitikubwera. Mwezi watsala pang'ono kukhwima, kunja kuli mbee, nyenyezi zochepa.

Ndikuganiza za mmene anawo anafunsidwira. Mtolankhani wa BBC, Tim Leach, anafika pasukulupo ndi kamera patangopita masiku atatu. Kenako kunabwera Cynthia Hind, mayi amene anatha zaka zambiri akulemba nkhani za ma UFO mu Africa muno. Anawo anajambula zithunzi za zimene anaona, ndipo zithunzizo mpaka lero zimandiimitsa tsitsi. Koma Hind ankawafunsa m'magulu, ena akumvetsera zimene anzawo akuyankha. Ndinkawerenga zimenezi kale n'kumati ndi kudandaula kwa anthu osafuna kukhulupirira. Lero ndaona ndekha mmene zimachitikira. Ngati mkulu wa zaka 70 angapatse mlendo mbale chifukwa mlendoyo akuifuna, nanga mwana wa zaka 8, pamaso pa mzungu wamkulu, kamera ndi anzake onse?

Sindikunena kuti anawo ananama. Agogo aja sananame, moto anauonadi. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti pakati pa chimene diso linaona ndi chimene chinalembedwa panadutsa anthu ambiri ofunitsitsa, ndipo aliyense anabwera ndi mbale yake.

Lolemba, 16 September, Ruwa

Ndinadzuka ndi msana wowawa. Tiyi, buledi, kenako mdzukulu uja anandipezera mnyamata wa kagalimoto koyenda mozemba, kuno amati mushikashika, amene anavomera kundipititsa ndi kundidikira pa madola 5. Njira yonse ankandiuza kuti si ine woyamba. Akuti amabwera azungu ndi makamera, ena amalira, ena amatola dothi. Anandifunsa ngati nanenso nditole. Ndinati ayi, ngakhale kathumba ndinali nako m'thumba.

Sindinalowe. Sukuluyi ikugwirabe ntchito, muli ana a anthu, ndipo sindinapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Bambo wachilendo wongofika pageti n'kumati ndabwera kudzaona pamene panatera chombo, ine ndikanakhala mphunzitsi sindikanamutsegulira. Ndinatsika chapatali, n'kukakhala pamwala m'mbali mwa msewu, pamene ndinkatha kuona mitengo ndi thambo la mbali imeneyo. Udzu wouma, fumbi, njiwa zikulira. Palibe china.

Itakwana 10 koloko ndinaika foni pabondo kuti ndiwerenge mphindi 15, poti akuti zonse zinatenga nthawi yotero. Ndikuuzeni, mphindi 15 ndi nthawi yaitali. Ndinayang'ana kumwamba mpaka khosi linauma, poyang'ana foni n'kuti zitangotha zinayi. Munthu angathe kuthamanga kukaitana mphunzitsi n'kubwerera kangapo. Pamenepa ndi pamene nkhaniyi imandipweteka. Ana ena anathamangadi kukanena, koma wamkulu sanatuluke nthawi yomweyo. Ndani amasiya msonkhano chifukwa ana akuti kuli kanthu kutchire? Akanatuluka mmodzi yekha, kaya akanapeza chombo, kaya mwala, kaya munthu wongodutsa, bwenzi ine lero ndisali pamwala pano. Komanso pasukulupo panali ana ena ambiri amene anali panja tsiku lomwelo ndipo sanaone kanthu. Amenewo palibe amawalondola ndi kamera.

Mphindi ya 11, kanthu kanang'anima kumwamba chakumadzulo. Mtima unadumpha, sindibisa. Inali ndege, ikutsika kulowera ku bwalo la Robert Gabriel Mugabe, dzuwa litaimenya paphiko. Mnyamata wa galimoto anandiona ndikudzidzimuka ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Chapatali ndinkamva phokoso la ana akusewera. Ndi phokoso lomwe lija la kulikonse.

Pali chimene sindinauze munthu paulendo uno. Ndili ndi zaka 9, madzulo ena ndinaona kuwala kobiriwira kutaima kumwamba, kenako kunayenda cham'mbali n'kuzima. Ndinathamanga kukanena. Akuluakulu anaseka, wina anati ndi njala, ndipo dzina loti Wamagetsi linandikakamira mpaka ndinamaliza pulayimale. Lero ndikayesa kukumbukira, sindithanso kusiyanitsa chimene ndinaona ndi chimene ndakhala ndikudzifotokozera. Kubiriwirako, kodi kunalipo tsiku lomwelo, kapena ndinakupaka pambuyo pake? Ndi chifukwa chake mavidiyo a ana a ku Ariel amandigwira. Sindiyang'ana kwambiri zimene akunena. Ndimayang'ana mmene akuyang'anira wofunsayo, kufuna kuona ngati akuwakhulupirira.

Amene anawakhulupirira koposa anali John Mack, dokotala wa matenda a maganizo wa ku yunivesite ya Harvard, munthu amene anapatapo mphoto ya zolembalemba ya Pulitzer mu 1977. Anafika kuno mu November, patatha miyezi iwiri. Pa nthawiyo n'kuti akuluakulu a yunivesite yake akumufufuza chifukwa chomvetsera anthu onena kuti anatengedwa ndi zolengedwa zakuthambo, ngakhale pamapeto pake ntchito sanamuchotse. Ukamuona pavidiyo ndi munthu wofatsa, amakhala moyandikana ndi mwana, salankhula mokweza. Ndikanakonda munthu wotere akanandifunsa ine ndili ndi zaka 9. Koma ndi pamafunso ake pamene panatulukira mbali imene yatchuka kwambiri, yakuti tianthu tija tinalankhula ndi anawo m'maganizo, kuwachenjeza kuti anthu akuwononga dziko ndi mitengo. M'zimene Hind analemba poyamba uthenga umenewu munalibe. Ndipo Mack anali munthu wodera nkhawa kwambiri za chilengedwe. Dzulo ndisanakhale pansi pa mtengo wa mapeyala uja ndikanati zangochitika mwangozi.

Onse awiri anapita. Hind anamwalira mu 2000, Mack anagundidwa ndi galimoto ku London mu September 2004. Anawo tsopano ndi anthu a zaka zapakati pa 36 ndi 42, amwazikana m'maiko ambiri, ndipo ambiri mwa amene amalankhula poyera sanasinthe mawu awo.

Kathumba kaja kabwerera kopanda dothi. Mnyamata uja anawonjezera dola imodzi ya kudikira, ndinapereka osatsutsa.

Lachiwiri, 17 September, Harare

M'mimba mwandivuta, mwina ndi madzi a dzulo pamsewu. Tsiku lonse ndagona, kudzuka kokha kukagula tikiti ya basi ya mawa ndi mahewu. Agogo aja anaimba kudzera kwa mdzukulu wawo kufunsa ngati ndinafika bwino. Anati ndikadzabweranso ndidzawabweretsere wailesi yogwira kutali.

Pogona ndakhala ndikulimbana ndi nkhani ina. Mu 2023 mmodzi mwa amene anali ana pasukulupo ananena pa kanema kuti iye ndi amene anayambitsa zonse, kuti analoza mwala wonyezimira n'kukuwa kuti chombo, anzake n'kutengeka. Anzake ena anakana kwamtuwagalu. Poyamba ndinasangalala kuti mwina yankho ndi limeneli. Kenako ndinadzifunsa: nanga iyeyu, patapita zaka 29, kamera ili pamaso pake, wofunsa akudikira kanthu katsopano, bwanji ndikumukhulupirira msanga chotere? Nayenso anali ndi mlendo wochokera kutali.

Dziko lino lili ndi nkhani zina zotere. Mu July 1985 ndege ziwiri zankhondo za mtundu wa Hawk zinanyamuka pabwalo la ndege zankhondo la Thornhill, ku Gweru, kukalondola chinthu chowala chimene anthu ambiri anachiona chakumadzulo kwa dzikoli, ku Bulawayo ndi madera ozungulira. Amenewo anali akuluakulu, ena a yunifolomu. Ndinalingalira zokwera basi ya ku Bulawayo, koma thumba lakana, mimba nayo yavomereza thumba.

Mlonda uja anandifunsa kuti, "Ndiye mwapeza chiyani, mukoma? Zinabweradi?" Ndinamuuza za sitima imene inasanduka mbale. Anaseka, koma anati sindinamuyankhe. N'zoona, sindinamuyankhe.

Lachitatu, 18 September, pa Roadport, kusanache

Anati tifike 4 koloko. Tafika, basi ilipo, dalaivala kulibe. Kukuzizira kuposa mmene ndinkayembekezera, juzi ili pansi pa chikwama. Mayi wina akugulitsa tiyi wa m'fulasiki, masenti 50, ndipo mwamwayi ndinali ndi timapepala ta ZiG tija, tapeza ntchito.

Ndinaona pafoni dzulo kuti m'bandakucha uno kukhala kadamsana wa mwezi, wochepa kwambiri, kachigawo kakang'ono chabe. Itadutsa hafu pasiti 4 ndinachoka pamzere n'kukaima pamene nyumba zasiya mpata. Mwezi unali utatsikira kumadzulo, waukulu, ndipo m'mphepete mwake munali mutada pang'ono, ngati chala chamakala chakhudzapo. Anthu onse pamalopo maso anali pa katundu wawo.

Mtsikana wina wa zaka ngati 10, amene akuyenda ndi amayi ake, anabwera kudzaima pafupi nane, kufuna kuona chimene bambo uyu akuyang'ana. Mawu anafika pakamwa, ndimuuze kuti taona mwezi wadyedwa mbali iyo. Ndinawameza. Ndinangoloza, n'kumufunsa m'Chingerezi kuti akuona chiyani.

Anayang'ana nthawi yaitali, maso atatsinzina pang'ono. Anati akuona mwezi. Ndinati chabwino. Anayang'ananso, n'kuti wadetsedwa pakona, ngati mbale yosatsuka bwino. Kenako anathamanga kukakoka amayi ake chitenje kuti adzaone, koma iwo anali pakati powerenga zikwama ndi kondakitala, anangomuuza kuti akhale chete asasochere.

Dalaivala wafika, akutafuna buledi. Akuti tikwere.